Kapangidwe ka Bokosi la Matipu Limene Wakuba Sangapindule Nalo

Aliyense amene anagwirapo ntchito m'malo odyera, m'saluni, mometera tsitsi kapena kotsukira magalimoto mu Lusaka amadziwa kuti pali ndalama ina imene siilembedwa pa risiti, koma imene imapulumutsa anthu pakati pa mwezi pamene malipiro akadali kutali. Ndalama yake ndi ija kasitomala amasiya mwa kufuna kwake pothokoza amene wamutumikira bwino, imene ambiri timangoti tipu. Tipu ili ngati mbasela, kungoti imayenda chobwerera: ku msika wa Soweto wogulitsa ndiye amawonjezera tomato awiri m'thumba la wogula, pamene pano wogula ndiye amawonjezera kangachepe kwa womutumikira. Tisaisokoneze ndi 10 peresenti imene mahotela ndi malo odyera akuluakulu amawonjezera pa bilu potsatira lamulo la zokopa alendo la 2015, chifukwa imeneyo imadutsa m'mabuku a kampani ndipo ili ndi kagawidwe kake. Imene ndikunena pano ndi ya m'manja, imene m'malo ambiri imaponyedwa m'botolo loikidwa pa kauntala kuti antchito onse adzagawane.

Botolo la pa kauntalali limataya ndalama m'njira zitatu. Yoyamba ndi ya munthu wodutsa amene amadikira kuti wolandira ndalama atembenuke, n'kunyamula botolo lonse kutuluka nalo. Yachiwiri ndi ya wowedza, amene amalowetsa kawaya kapena kamtengo kopakidwa chingamu pabowo, monga momwe ana amakolera mbalame ndi ulimbo, n'kutulutsa ndalama zapepala imodziimodzi. Yachitatu ndiyo yovuta kuinena pagulu, chifukwa ndi ya mnzanu wogwira naye ntchito, kapena mwini malo weniweniyo, amene amatsegula chivundikiro madzulo ena onse atapita. Akuluakulu anati khoswe akakhala pamkhate sapheka, ndipo n'zoona kuti munthu amene mumadya naye mbale imodzi masana simungamuloze chala popanda umboni osaswa ubale wa pantchito. Chipangizo chimene ndikufotokoza pano chinaganiziridwa kuti chitseke njira zonse zitatuzi, ndipo koposa zonse kuti pasakhalenso chifukwa chokayikirana.

Nzeru yake ndi yosavuta. Botolo limene likuoneka pamwamba pa kauntala ndi nyambo chabe. M'kati mwake mwaima paipi yobisika imene yaboola kauntala n'kutsikira m'bokosi lachitsulo lokhomedwa kunsi, kotero kuti ndalama iliyonse imene kasitomala waponya siikhala m'botolo ngakhale kamphindi, koma imagwera pansi pamene dzanja silingafike. Wonyamula botolo amathawa ndi pulasitiki ndi tindalama towerengeka, alamu ikulira pambuyo pake.

Zofunika ndi kumene mungazipeze

Pezani botolo lalikulu la pulasitiki loonekera m'kati, longa lija amasungiramo maswiti pa kantemba, lotalika masentimita 25 kapena kuposerapo ndipo lotambalala mokwanira kuti paipi ikalowa patsale mpata wa zala ziwiri kuzungulira. Mufunikanso chidutswa cha paipi ya PVC ya mamilimita 110, ija mapulambala amagwiritsa ntchito pa madzi oipa, pamodzi ndi chotsekera chake cha kumapeto ndiponso guluu wake. Chidutswa chosafika mita imodzi n'chokwanira, ndipo pulambala aliyense amakhala ndi zotsala zotere, choncho palibe chifukwa chogulira paipi yathunthu. Masitolo a zomangira a ku Kamwala ndi m'tauni amakhala ndi maloko, mabawuti a mutu wozungulira wopanda pogwira sipanala, manati ndi mawashala. M'masitolo a zamagetsi funsani timaalamu ta pachitseko toyendera mabatire, timene timakhala ndi zidutswa ziwiri, china cholira ndi china cha maginito, ndipo mugule tiwiri.

Bokosi la pansi ndi ntchito ya wowotcherera zitsulo. Amisiri a ku komboni ya Garden amene amapanga mageti ndi mafelemu a mawindo angalipange kuchokera ku zidutswa zotsala, malinga mwawapatsa miyeso yolembedwa papepala. Ngati mukufuna la matabwa, akalipentala a ku Kalingalinga angakupangireni, kapena mungagule thabwa lolimba ku msika wa Buseko n'kupanga nokha, koma ine ndimakonda lachitsulo chifukwa thabwa limang'aluka munthu akalikanula ndi chitsulo chochotsera matayala.

Ndikulangiza mwamphamvu kuti pasakhale kanthu kalikonse kodalira magetsi a pakhoma. Amene tinali mu Lusaka mu 2024, madzi atachepa ku Kariba, tikukumbukira momwe magetsi ankazimira maola ambiri pa tsiku, ndipo nthawi ya mdima wotero ndi imene wakuba amaikonda. Loko wamagetsi kapena kamera imene imagona limodzi ndi mababu ndi mlonda amene amapita kwawo pamene akufunika kwambiri.

Kuboola kauntala ndi kuimika paipi

Sankhani malo pafupi ndi pamene kasitomala amalandirira chenji, chifukwa dzanja limene langolandira makobidi ndilo limapatsa mosavuta, koma yambani mwasuzumira kunsi kuti muone ngati pali mpata wokwanira bokosi ndiponso ngati palibe mawaya kapena dirowa yotchinga. Ikani paipi choimirira pamalopo, zungulizani pensulo, ndipo boolani potsata mzerewo mosapitirira, kuti paipi ilowe mothina. Ngati kauntala si yanu, pemphani chilolezo kwa mwini nyumba musanagwire chobowolera. Akakana, kapena ngati pamwamba pake ndi pa mwala wosabooleka, khomani kashelefu kolimba m'mbali mwa kauntala n'kuboola kameneko, bokosi likhale kunsi kwake lotchingidwa ndi thabwa.

Paipi ituluke pamwamba kufikira pamene pathera khosi la botolo, ndipo kunsi ilowe m'bokosi masentimita 5 okha. Iyenera kuima chilili, yopanda kukhota kulikonse, ndipo mfundo imeneyi ndinaiphunzira movutikira. Pamene tinkayesa koyamba chipangizochi pamalo odyera a mlongo wanga, bokosi tinaliika pambali pang'ono chifukwa cha shelefu imene inatitchinga, ndipo tinalumikiza ndi chigongono cha paipi. Makobidi ankadutsa bwinobwino, koma ndalama zapepala zinkakodwa pokhota paja. Titatsegula kumapeto kwa sabata tinapeza ndalama zochepa kuposa zimene atsikana operekera chakudya anaona makasitomala akuponya, ndipo kwa masiku angapo anthu ankayang'anana ndi diso lofiira, mpaka tinamasula chigongono n'kupeza ma K20 ndi ma K50 atapanikizana m'menemo ngati chisa cha mbewa. Ndalama yapepala ndi yopepuka, imafunyululuka ikamagwa, ndipo imagwira paliponse pamene pali kamphako, choncho m'kati mwa paipi mukhale mosalala ndipo m'mphepete mwake mupalidwe ndi sandipepa.

Pa chotsekera cha paipi chekani kabowo kotalika masentimita 8 ndi kotambalala theka la sentimita. Poyeza kabowoka gwiritsani ntchito ndalama zenizeni zimene zikuyenda masiku ano. Kuyambira pa 31 March 2025, pamene Bank of Zambia inatulutsa ndalama zatsopano, K2 ndi K5 zinasanduka makobidi, ndipo zapepala zikuyambira pa K10 kukafika pa K500. Izi zikutanthauza kuti matipu ambiri ang'onoang'ono tsopano amabwera ngati chitsulo, motero khobidi la K5 liyenera kudutsa momasuka, ndipo ndalama yapepala yopindidwa kawiri ilowe popanda kuikankha kwambiri. Kabowo kakatambalala kuposa apa, mwatsegulira njira wowedza. Mukakhutira, matani chotsekeracho ndi guluu wa PVC kuti chisadzachokenso, chifukwa munthu akanyamula botolo n'kupeza paipi yotsegula kukamwa, dzanja la mwana kapena la munthu wowonda lingalowe.

Botolo lenilenilo liboolereni pansi bowo lozungulira lokwana paipi ndi chotsekera chake, kusiya mkombero kuzungulira, ndipo pa chivundikiro chake chekani mpata wokulirapo pang'ono kuti kabowo ka paipi kaonekere pomwepo. Mukaliveka pa paipi, mumpata wotsala m'mbalimo ikanimo nyambo: makobidi a 50 ngwee ndi K1 odzaza dzanja, ndi ma K10 awiri kapena atatu oyalidwa motsamira khoma la botolo kuti abise paipi. Musamate ndalamazo ndi guluu kapena kuzilemba, chifukwa kuwononga ndalama ya boma si chinthu chosewera nacho. Nyamboyi ili ndi ntchito inanso imene ogulitsa onse amaidziwa, yakuti botolo lopanda kanthu silikopa munthu, pamene loti muli kale kanthu limamuuza kasitomala kuti anzake amaponyamo.

M'kati mwa bokosi

Pano ndi pamene pagona luso, ndipo ndi bwino kukhala pansi ndi wowotchererayo mpaka amvetse chimene mukufuna. Bokosi likhale la masentimita 25 m'lifupi ndi m'litali, ndi 35 msinkhu wake, lokhala ndi bowo la paipi pamwamba ndi chitseko kutsogolo, kumbali ya antchito. Kunsi kwa kamwa ya paipi aikepo timalata tiwiri tosalala totsetsereka mosemphana. Koyamba kachokere kukhoma lakumanja kutsikira kumanzere, ndipo kachiwiri kayambire kukhoma lakumanzere, m'munsi mwa koyambako, kutsikira kumanja. Ndalama ikagwa imatsetsereka pa koyamba, kugwera pa kachiwiri, n'kukafika pansi, koma waya wochokera pamwamba sangakhote kawiri konseko n'kubwerera ndi kanthu. M'mphepete mwa m'munsi mwa kalata kalikonse adulemo mano onga a sowo oloza pansi, kuti ngakhale wowedza atagwiritsa ntchito ulusi wokhala ndi chingamu kumapeto, ndalamayo ikodwe pa manowo n'kugweranso m'bokosi.

Timalatati titsetsereke kwambiri, kuposa denga la nyumba ya udzu, ndipo mpata wodutsira pakati pa kalata ndi khoma usachepere masentimita 4. Ena angafune kuika titatu kapena tinayi poganiza kuti chitetezo chichuluka, koma chimene chimachuluka ndi kukodwa kwa ndalama basi. Tiwiri n'tokwanira. Muuzeni mmisiri kuti asatiwotcherere kotheratu, koma atikhazike pa timipanda toti mukatsegula chitseko mutha kutisolola n'kupukuta fumbi ndi mafuta a m'khitchini amene amapangitsa mapepala kumata. Musayale nsalu pa kalata koyamba pofuna kuchepetsa phokoso, pakuti kulira kwa khobidi pa chitsulo ndi belu laulere limene limauza antchito onse kuti wina waponya kanthu, ndipo amene ali pafupi amatha kunena zikomo.

Bokosi limangiriridwe ku kauntala ndi mabawuti anayi, mitu yake yozungulira ikhale kunja ndipo manati akhale m'kati, kuti munthu wopanda kiyi asakhale ndi pomasulira. Mahinjesi ndi zokolowekera maloko ziwotchereredwe, zisakhale za masikuluwu oonekera, chifukwa loko wamphamvu pa chitseko chomasuka ndi sikuludiraiva ndi chokongoletsera chabe.

Ndiike chenjezo limodzi pano. Pali ena amene akapsa mtima ndi kuberedwa amaganiza zoika malezala pakamwa pa bokosi kapena kulumikiza waya wamagetsi kuti wakuba aone zakuda. Musayerekeze. Amene adzavulale koyamba mwina adzakhala mwana wa kasitomala kapena mayi wokolopa, ndipo ngakhale atakhala wakubayo, mlandu wovulaza munthu udzakhala wanu. Mano a timalata aja ali m'kati mwa bokosi lokhoma ndipo ntchito yawo ndi kugwira pepala, osati chala.

Maalamu awiri

Kaalamu ka pachitseko kamagwira ntchito motere: m'kati mwa chidutswa cholira muli kaswitchi kamene kamamva mphamvu ya maginito, ndipo maginito akatalikira pang'ono chabe, kamalira. Koyamba ndi ka botolo. Matani maginito m'kati mwa mkombero wa pansi pa botolo, muwabise ndi makobidi a nyambo, ndipo chidutswa choliracho chikhomeni kunsi kwa kauntala molunjika pamene pali maginitowo. Vuto limene mungakumane nalo ndi lakuti thabwa la kauntala lingakhale lochindikala kuposa pamene mphamvu ya maginito ingafike, ndiye kaalamu kamangolira osaleka. Zikatero, sepulani thabwalo kunsi ndi tchizulo kuti chidutswacho chilowe m'kamphako n'kuyandikira pamwamba, kapena gwiritsani ntchito maginito amphamvu ochotsa mu sipika yakufa, imene okonza mawailesi amakhala nayo. Ikani chizindikiro pa kauntala ndi pa botolo kuti wopukuta azilibwezera moyang'ana kumodzimodzi.

Kachiwiri ndiko kofunika kwambiri, ngakhale kuti ambiri sakaganizira. Kaikeni m'kati mwa bokosi la pansi, maginito pa chitseko ndipo choliracho pa khoma, switchi yake ikhale yofikika pokhapokha chitseko chitatseguka. Boolani timabowo tingapo tating'ono m'mbali kuti mawu azituluka. Kuyambira pamenepo bokosi silingatseguke mwakachetechete. Nthawi iliyonse imene latsegulidwa, kaya ndi nthawi yogawana kaya ndi nthawi ina, wophika kukhitchini ndi mlonda panja amamva. Mabatire ake asinthidwe pa tsiku lodziwika, mwachitsanzo tsiku lolipira lendi miyezi itatu iliyonse, osadikira kuti mawu ayambe kufooka.

Maloko, makiyi ndi buku

Chitseko chikhale ndi maloko awiri, ndipo munthu mmodzi asasunge makiyi a onse awiri, ngakhale atakhala mwini malo. Gulani maloko a mitundu yosiyana, ndipo mukadali m'sitolo yesani kiyi wa wina pa mnzake, chifukwa maloko otchipa ochokera m'katoni imodzi nthawi zina amatseguka ndi kiyi mmodzi. Loko aliyense amabwera ndi makiyi awiri kapena atatu, ndipo otsalawo ndiwo amaiwalika n'kusanduka khomo lakuseri. Aikeni mu envelopu, muimate, antchito awiri asaine podutsa pomatapo, ndipo isungidwe pamalo amene onse akuwadziwa. Kiyi mmodzi akhale ndi wa kutsogolo, wina ndi wa kukhitchini kapena wotsuka, ndipo azisinthana mwezi ndi mwezi kuti udindo usasanduke ufumu.

Mukatseka bokosi, matani kapepala kopingasa pa mphako ya chitseko, kolembedwa deti ndi kusainidwa ndi osunga makiyi onse awiri. Kapepala koonda ka m'kope la sukulu komatidwa ndi guluu wamba ndiko kabwino, chifukwa sikamatuka osang'ambika. Tsiku lotsegula ligwirizanidwe ndi onse, kaya ndi Loweruka madzulo kaya ndi Lolemba m'mawa, ndipo ndalama ziwerengedwe patebulo poyera, pali anthu osachepera atatu. Zopezekazo zilembedwe m'buku limodzi pamodzi ndi maina a ogawana ndi zimene aliyense walandira. Nkhani ya kagawidwe, kaya ndi mofanana kaya ndi motsata masiku amene munthu wagwira, ikambidwe ndi kulembedwa patsamba loyamba la bukulo bokosi lisanalandire khobidi loyamba, pakuti mkangano umene umabuka ndalama zili kale patebulo suvomera nzeru. Musaiwale otsuka mbale ndi osenda mbatata, amene kasitomala sawaona koma amene popanda iwo mbale yoyera siifika patebulo.

Masiku ano makasitomala ambiri sayenda ndi ndalama m'thumba, ndipo angafune kuthokoza kudzera pa Airtel Money kapena MTN MoMo. Ngati mwagwirizana zolemba nambala yolandirira matipu, pepala lake liikidwe m'kati mwa botolo moti liziwerengeka kudzera m'pulasitiki, osati kulimata kunja, chifukwa wochenjera angamate nambala yake pamwamba pa yanu ndipo mungathe masiku osazindikira. Foni ya nambalayo ikhale ya pantchito, ndipo mauthenga ake aziwerengedwa pa tsiku lomwelo lotsegula bokosi n'kulowetsedwa m'buku lomwe lija.

Kuyesa musanayambe kugwiritsa ntchito

Zonse zikamangidwa, sonkhanitsani antchito ndipo muchite zimene wakuba angachite, onse akuona. Ponyani ndalama zapepala 20 zosiyanasiyana, zatsopano ndi zakutha, zopinda ndi zosapinda, pamodzi ndi makobidi, kenaka tsegulani muwerenge ngati zonse zafika pansi. Ngati ina yatsalira pa kalata, onjezerani kutsetsereka kwake kapena kulitsani mpata wodutsira. Patsani mnyamata wochenjera kwambiri pagululo waya, ulusi ndi chingamu, mumulonjeze kuti chimene atulutse n'chake, ndipo mumupatse mphindi 10. Akatulutsa kanthu, mwapeza pofooka pamtengo wotsika, ndipo kawirikawiri vuto limakhala kabowo kotambalala kwambiri kapena mano a kalata ofupika. Kenaka nyamulani botolo mwadzidzidzi wailesi ikulira monga imalirira masiku onse, kuti mumve ngati alamu ikupambana phokoso la pamalopo, ndipo gwedezani bokosi la pansi ndi manja awiri kuti muone ngati mabawuti agwira.

Gwirizananinso chochita alamu ya botolo ikadzalira zenizeni. Popeza m'botolomo muli ndalama zosafika K50, palibe chifukwa choti wantchito athamangitse munthu mpaka mumsewu wa magalimoto, kapena kukuwa mpaka gulu lisonkhane n'kuyamba kumenya, zimene m'tauni muno zimatha kufika poipa m'kanthawi kochepa. Wakubayo akagwidwa pakhomo, aperekedwe ku polisi ya pafupi. Akathawa, tengani botolo lina limene munaliboola kale n'kulisunga kuseri, matani maginito ena, ikanimo nyambo yatsopano kuchokera m'bokosi mutalemba m'buku, ndipo livekeni pa paipi makasitomala a chakudya chamasana asanayambe kufika.